Kodi Mbalame Yosadyedwa Amaiwomberanji?

Pali mkangano wina umene akatswiri a mfuti kunjaku amaulimbikira mpaka kutuluka thukuta, koma ife a kuno kwa Chikweo palibe anabwera kudzatiuza. Mkanganowo ndi uwu: munthu wa m'thumba mopepuka, amene akufuna chifefe cha mapaipi awiri ogona moyandikana, ina kumanja ina kumanzere, choti aziwombera timbale touluka, agule chiti? Ena amati cha ku Turkey. Ena amati cha ku Spain, ngakhale chakale. Ena amati cha ku Russia, poti sichimva kufa. Ine ndikufuna ndithandizeko nawo, pajatu mutu umodzi susenza denga. Koma ndisanafike pa mfutiyo mundilole ndiyambire kumbuyo pang'ono, abale anga, chifukwa nzeru zanga zimayenda wapansi. Timbale touluka? Tikuulukira kuti? Watiulutsa ndani? Ndipo tikagwa, amadya ndani?

Ndafunsafunsa, ndipo zimene ndatola ndi izi. Kambaleko n'kozungulira, m'mimba mwake mamilimita 110, kulemera magalamu 105, ndipo nthawi zambiri amakapaka utoto wa olenji kuti kazioneka patali. Amakaumba ndi ufa wa miyala ya laimu, yonga ija amaphwanya ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka, posakaniza ndi phula. Pali makina amene amakaponya m'mwamba. Munthu amaima ndi mfuti paphewa, n'kukuwa, makina n'kumva mawu ake, kambale n'kufwamphuka pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola. Iye n'kuwomba. Akakalasa, olemba amalemba 1. Akakaphonya amalemba 0, ndipo kambaleko kamakasweka kokha pogwa pansi. Ndiye taonani: mukalasa kasweka, mukaphonya kasweka. Palibe chochinja, palibe chososola, palibe msuzi. Munthu wamkulu wa ndevu zake amachoka pakhomo m'mawa atanyamula mfuti, madzulo n'kubwera chimanjamanja, akumwetulira kuti lero zayenda. Mayi a kunyumba amakawauza chiyani?

Mwina wina anganene kuti n'kuyesera dzanja chabe. Mwana wa kuno akapatsidwa legeni amayamba ndi chitini pa chitsa, koma aliyense amadziwa kuti mtima wake uli pa njiwa, kapena pa mpheta zimene zikumaliza mpunga kudambo. Kwawoko si choncho. Alipo anthu ambirimbiri amene aphwanya timbale moyo wawo wonse osaphapo ngakhale timba mmodzi. Masewerawa ali ku Olimpiki. Mu 2024 ku Paris, Adriana Ruano anapatsa dziko la Guatemala mendulo yake yoyamba yagolide chifukwa chophwanya timbale. Vincent Hancock wa ku America watenga golide kanayi pa ntchito yomweyi. Bwalo lonse kuimirira, nyimbo ya fuko kuimbidwa, mbendera kukwera. Nanga mwana wathu akaswa mbale imodzi yokha potsuka, bwanji timamuthamangitsa ndi mthiko?

Akuti kale sankawombera timbale. M'zaka za m'ma 1800, ku England ndi ku America ankatsekera nkhunda zamoyo m'timabokosi. Munthu ankakoka chingwe, bokosi n'kutseguka, nkhunda n'kuuluka, bwana n'kuwomba. Pamenepo ndiye ndikumva, chifukwa nkhunda ndi ndiwo. Mu 1900, pa nthawi ya Olimpiki ya ku Paris, kunali mpikisano wotere: nkhunda pafupifupi 300 zinafa, ndipo Léon de Lunden wa ku Belgium anapambana atagwetsa 21. Ku Britain anadzaletsa kuwombera nkhunda za m'mabokosi mu 1921. Ku America nkhani inafika poipa. Kunali mtundu wa njiwa zakutchire zochuluka mwakuti zikamadutsa zinkaphimba dzuwa. Anazikola ndi maukonde, anaziwombera, anazilongedza m'migolo n'kumazitumiza m'mizinda pa sitima, zina n'kumazipititsa ku mipikisano yomweyi, mpaka yomaliza inafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati pa 1 Sepitembala 1914. Chodabwitsa n'choti mumzinda womwewo, mu 1880, George Ligowsky anali atapanga kale kambale kadothi kouluka. Kambaleko kasanabwere ankaponya mipira yagalasi, ina ataikamo nthenga kuti ikasweka nthengazo ziziuluka, mtima wa wowombera uzikhala pansi. Tsono ndifunse. Ngati ankamvera chisoni mbalame, nthengazo ankazitenga kuti? Ndipo ngati kambale kanalipo kuyambira 1880, njiwa zija zinatheranji mu 1914?

Tsopano tibwere pa mfuti. Chifefe sichiponya chipolopolo chimodzi cholimba monga mfuti ya asilikali. M'chipolopolo chake muli wonga ndi timipira ta mtovu, ndipo cha ku Olimpiki chimaloledwa kunyamula magalamu 24 okha, kutanthauza timipira pafupifupi 300. Tikatuluka timamwazika. Timipira 300 kulimbana ndi kambale kamodzi, ndipo paipi yachiwiri ili pambali kudikira ngati yoyamba yalephera. Mnyamata wa legeni ali ndi mwala umodzi basi. Komabe amaphonya, akuluakulu amenewa, ndipo amalipira aphunzitsi. Mphunzitsiyo amawauza kuti asatsinzine diso, asayang'ane mfuti, ndiponso asaloze pa kambale penipeni koma kutsogolo kwake, chifukwa pamene timipira tizifika kambale kadzakhala katasuntha. Zikumveka ndithu. Koma ndiye kuti munthu amatulutsa ndalama kuti aphunzitsidwe kuwombera pamene palibe kanthu?

Mapaipi awiri aja angagone m'njira ziwiri, ndipo apa mpamene akatswiri anandisokoneza kwambiri. Ogona moyandikana ndiwo akale. Osanjikizana, ina pamwamba ina pansi, anafala kampani ya Browning itatulutsa mfuti yake yotero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Mukawafunsa kuti pa timbale yabwino ndi iti, pafupifupi onse amayankha chimodzi: yosanjikizana. Amati diso limatsata mzere umodzi wopyapyala m'malo mwa bwalo lotambalala la zitsulo ziwiri. Amati ndi yolemera, choncho siimenya phewa kwambiri. Amati mtengo wake wogwirira kutsogolo ndi waukulu, dzanja silikhudza chitsulo. Yoyandikanayo anaipangira munthu woyenda tsiku lonse m'thengo pambuyo pa nkhwali: yopepuka, makilogalamu atatu kapena kuposera pang'ono, yowomba apo ndi apo. Mukaitengera ku timbale n'kuwomba maulendo 100 m'mawa umodzi, mapaipi amatentha mpaka kuotcha zala, mwakuti amagulitsa kachikopa kapadera kovekera, ndipo phewa limadzuka litatupa. Ku Olimpiki masiku ano simungaione. Katswiri akamaliza kufotokoza zonsezi amapuma pang'ono, n'kuyamba kukutchulirani mayina a zoyandikana zimene mungagule. Mukafunsa chifukwa, amati ndi yokongola, imakhala bwino m'manja, ndiponso ndi imene agogo ake ankanyamula. Ine kukongola sindikutsutsa. Koma kambale kamene kakuthawa pa makilomita 100 pa ola kamakhala ndi nthawi yoona kukongola kwa mfuti?

Manambala akenso ngozondoka. Pali mfuti ya nambala 12, ya 16, ya 20, ya 28. Aliyense amene anadutsa sitandade 2 angaganize kuti ya 28 ndiyo chimphona. Ayi: ya 12 ndiyo yaikulu, paipi yake pafupifupi mamilimita 18 ndi theka, ya 28 ndi kamwana. Akuti akale ankatenga mtovu wolemera paundi imodzi n'kuugawa m'mipira yofanana. Ikatuluka mipira 12 yokwana bwino m'paipi, mfutiyo ndi nambala 12. Mipira ikachuluka ndiye kuti ndi ing'onoing'ono. Chabwino, ndavomera. Nditangovomera akubweretsa ina yotchedwa .410, imene siitsata lamulo limeneli n'komwe, chifukwa iyo amaiyeza ndi mainchesi. Wa ndalama zochepa amamulangiza nambala 12, poti zipolopolo zake n'zosasowa ndipo zimatsika mtengo kuposa za timfuti tating'ono. Chachikulu kutchipa, chaching'ono kudula: pamsika wa Ntaja munazionapo zotere?

Palinso chimene amati choke. Paipi amaifinya pang'ono chakukamwa kuti timipira tisamwazike msanga. Yofinyidwa kwambiri imaika timipira pafupifupi 70 pa 100 tilitonse m'bwalo la mainchesi 30 pa mtunda wa mayadi 40. Yosafinyidwa imaikamo pafupifupi 40. M'mfuti zakale za mapaipi oyandikana, yakumanja imakhala yomasuka, yowombera pafupi, yakumanzere yofinya, yowombera patali, ndipo iliyonse ili ndi kachitsulo kake kokoka ndi chala. Amene anatchukitsa luso lofinyali m'zaka za m'ma 1870 ndi W. W. Greener wa ku Birmingham. Dzina limeneli ndiye si lachilendo. Greener timaimva pa wailesi apolisi akagwira achifwamba, timaiona paphewa pa alonda. Munthu mmodzi yemweyo, kwawo amamukumbukira ngati katswiri wa masewera a mabwana, kuno dzina lake limatchulidwa kukhoti. Kampani yake inatumiza ziti kuno, n'kusunga ziti kwawo?

Amanenanso kuti mfuti iyenera kumukwana mwini wake. Mtengo wa paphewa ukatalika kapena kufupika, ukakwera kapena kutsika, diso limakhala posayenera ndipo munthu amaphonya popanda kudziwa chifukwa. Olemera amakayezedwa thupi mfuti isanapangidwe. Zotchipa amazisema pa muyeso umodzi, wa mwamuna wa msinkhu wapakati wogwiritsa dzanja lamanja. Wamfupi, wamtali, wamanzere ndi mayi azionera okha. Ndiye pali nkhani ya maso. Akuti mwa maso awiri a munthu limodzi ndilo limalamula, ndipo likakhala lakumanzere pamene mfuti ili paphewa lakumanja, timipira timapita kumbali. Lozani chala pa mtengo uli patali, mutsinzine diso ili kenaka linalo, muona chala chikudumpha pa limodzi. Tayesani, palibe akukuonani. Zaka zonsezi takhala ndi mfumu pankhope osatiuza?

Tifike pa ndalama. Ku London kuli kampani ya Purdey, imene inayamba mu 1814, ndipo mfuti yake yatsopano imodzi imaposa mapaundi 100,000. Akatswiri akayang'ana pamenepo, n'kutembenukira kwa ya ku Turkey ya madola 500 mpaka 1,000, amapuma mpweya wabwino n'kunena kuti iyi ndiye ya aliyense. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ine masamu ndimadalira zala. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi kubanki inafika cha m'ma K1,700. Ndiye kuti ya madola 700 yadutsa kale K1 miliyoni ili m'sitolo kwawoko, isanakwere ndege, msonkho usanaikidwe, ndiponso ngati kubankiko madolawo mwawapeza. Mtengo wa dola kwa mavenda mukuudziwa nokha. Munthu wogwira miliyoni kuno amayamba kufunsa mtengo wa malata, kapena wa njinga yamoto yoti mwana azichitira kabaza. Aliyense amene akunenedwayo amakhala mudzi uti? Amalima chiyani?

Opanga zotchipazo nawo ali ndi mbiri zawo. Ku Eibar, tauni ya kumpoto kwa Spain, kampani ya AYA inayamba mu 1915, ndipo inadzatchuka potengera kapangidwe ka mfuti za ku England n'kumazigulitsa kwa Angerezi omwewo pa mtengo wochepa. Baikal imachokera ku Izhevsk ku Russia, mzinda womwewo wa AK-47. Amati ndi yolemera, yosakongola, koma yosatopa. Stoeger ya mapaipi awiri imene anthu a ku America amagula imapangidwa ku Brazil. Koma imene yandikhalitsa pansi ndi Huğlu. Kameneka ndi katauni kakang'ono ka kumapiri ku Turkey, kumene amisiri anayamba ndi kukonza mfuti zowonongeka. Mu 1962 anapanga kopaletivi, ndipo lero mfuti zawo zikugulitsidwa mpaka ku America, zina zitadindidwa dzina la CZ. Kuno mmisiri wosula akapezeka wapanga gogodela ndi paipi ya madzi amakagona m'chitolokosi, ndipo ine sindikumuikira kumbuyo, chifukwa magogodela oterowo aphulikira anthu m'manja, ena apha nawo nyama m'malo otetezedwa. Kungoti ndikudabwa. Ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mfuti kuyambira 1813: mfuti amaiwombetsa ndi wonga wopyola muyeso, ikapirira n'kuidinda chizindikiro, ndipo yopanda chizindikiro siiloledwa kugulitsidwa. Chosiyanitsa mmisiri wa ku Huğlu ndi wa kwathu ndi manja, kapena chidindo?

Wosakwanitsa yatsopano amamuuza kuti agule yakale, koma akhale tcheru. Asuzumire m'mapaipi ngati muli dzimbiri kapena popindika. Aigwedeze amve ngati pamene mapaipi amakumana ndi thupi la mfuti pakugwedera. Aone ngati polowetsa chipolopolo ndi pa mamilimita 65 kapena 70, chifukwa kukakamiza cha 70 pamalo a 65 n'kuika moyo pachiswe. Kenaka achotse mapaipiwo, awalendewetse pa chala, awagogode: akalira momveka bwino ndiye kuti ngolimba, akalira mogontha ndiye kuti polumikiza pamasuka. Apa ndiye katswiri wa ku London wakumana ndi amayi athu, chifukwa umu ndi mmene amagulira mtsuko pamsika. Yatsopano yotchipa nayo ili ndi nthenda yake. Mapaipi awiri aja amayenera kulumikizidwa mwakuti onse aziponya malo amodzi, ntchito yofuna mmisiri woleza mtima, ndipo pofuna kutsitsa mtengo mpamene amapathamangira. Zikatero yakumanja imaponya kwake, yakumanzere kwake. Kudziwa kwake n'kuwombera pa pepala lalikulu n'kuona pamene timipira tagwera. Koma wogulitsa uti angakuloleni kuwomba musanalipire? Ndipo mukalipira n'kupeza kuti mapaipi sakumvana, mukabweza kwa yani, ku Turkey?

Chimene akatswiri amachinena motsitsa mawu ndi chakudya cha mfutiyo. Gawo limodzi la masewera ndi timbale 25, ndipo bokosi la zipolopolo limakhalanso ndi 25. Ku Olimpiki munthu amawombera timbale 125 asanalowe n'komwe mu ndime yomaliza. Tingoyerekeza kuti bokosi ndi madola 10, ndipo munthu akuwomba mabokosi anayi Loweruka lililonse. Isanathe miyezi isanu, ndalama ya zipolopolo yaposa ya mfuti ija ya madola 700. Sitinawerenge timbale, timene natonso n'togula, makina oponyera, zotsekera m'makutu ndi magalasi otchinga maso. Ndipo mfuti yotchipa ikadya zipolopolo masauzandemasauzande imafulumira kugwedera, poti anaipangira mlenje wowomba kangapo pa chaka. Ndiye yotchipayo yatchipa pati?

Nanga malo? Timipira timakagwa mamita 200 ndi kuposa, choncho pamafunika bwalo lalikulu lopanda nyumba, lopanda mbuzi, lopanda mwana wotola nkhuni. Ngakhale kwawoko malo anawavutapo. Mtundu wina wa masewerawa, wotchedwa skeet, unayambira ku Andover ku Massachusetts cha m'ma 1920, ndipo poyamba ankawomba mozungulira bwalo lonse. Akuti woyandikana nawo atayamba kuweta nkhuku, analidula bwalolo pakati n'kuika makina awiri, uku ndi uku. Mpaka lero bwalo la skeet ndi theka, ndipo linalowa ku Olimpiki mu 1968 lili theka lomwelo. Nkhuku za munthu mmodzi zinasintha masewera a dziko lonse lapansi. Kuno, kumene abale a bere limodzi amafika kwa amfumu chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire, bwalo limenelo apereka ndani?

Pali chinanso chimene mindandanda ya akatswiri siitchula, ndicho pepala. M'Malawi muno lamulo la mfuti la 1967 limaletsa munthu kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo, ndipo nkhani ya zilolezozo ili m'manja mwa apolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30 ku Lilongwe. Chiphasocho chimafunika kuchikonzanso chaka ndi chaka. Wofuna kuwombera mbalame zenizeni afunikanso chiphaso china cha nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo chisinthireni lamulo la nyama mu 2017, milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 m'ndende. Ku Joni, kumene kuli anyamata ambiri a kuno, masewera a timbale ali ndi mabwalo ake ndi bungwe lake. Lamulo lawo la 2000 limafuna kuti munthu wofuna chiphaso cha mfuti ayambe wasonyeza kuti amadziwa kugwira mfuti, akhale ndi sefa yotsekera, komanso akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Ndiye kuti mbale wathu wa pasipoti ya masiku 30 za mfuti yakeyake aiwale. Malamulo onsewa ndi abwino, mfuti si chidole. Koma tayerekezani. Mwavala bwino, mwakwera kabaza, mwafika pa kauntala, wapolisi wakufunsani kuti, “Bambo, mfutiyo mukuifuniranji?” Inu n'kuyankha mwaulemu kuti, “Yophwanyira mbale, bwana.” Akulemberani chilolezo, kapena aitana abale anu?

Si kuti mfuti n'zachilendo kuno. Mafumu a Chiyao, a Kawinga, a Makanjira, a Mponda, anali nazo zambiri m'zaka za m'ma 1800, magogodela ochokera kugombe la nyanja ya mchere, osinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndiponso, tinene zoona, ndi anthu. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels zoletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo mu 1895 asilikali a boma la Harry Johnston anagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inatibweretsera othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndiponso ma AK-47 amene ankadutsa malire usiku. Mfuti zimene dera lino laziona zinkabwera ndi maliro, zikakoma mtima zinkabwera ndi ndiwo. Mwina n'chifukwa chake mutu wanga ukukana kulandira mfuti yosewerera. Kodi dziko limayamba lakhuta zaka zingati, lagona tulo zaka zingati osamva kulira kwa mfuti usiku, kuti lifike poitenga ngati masewera a Loweruka?

Apa mpamene nkhaniyi imafika pakhomo pathu. Kum'mawa kuli Chiuta, kum'mwera kuli Chilwa. Kuyambira 1997 Chilwa ili pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi, zina zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia kwawoko kukazizira. Ofufuza a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko chaka chilichonse, zambiri ndi misampha, zina ndi zifefe. Pambuyo pake kunakhazikitsidwa magulu a alenje a mbalame, oti aziika nyengo yotseka ndi malo osasakamo. Koma nyanjayi imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inatsala matope. Matemba ndi makumba akasowa, msodzi amatembenukira kwa abakha ndi atsekwe, ndipo miyezi ya njala, chimanga chisanache, mbalame yootcha pamsika ndiyo imagula ufa wa tsikulo. Pamenepo palibe wosaka kuti amulembere 1 kapena 0. Mabwana a mipikisano ku England ndi ku America, nkhunda zitawasowa kapena kuletsedwa, anali ndi kambale kolowa m'malo, chifukwa chimene ankafuna ndi kulira kwa mfuti ndi kuwomba m'manja kwa anzawo, ndipo zimenezo kambale kamapereka. Mlenje wa pa Chiuta akufuna kuti ana agone atadya. Katswiri wobwera pa galimoto yoyera akamuuza kuti azisiye mbalame zisanathe, akunena zoona, njiwa za ku America zija ndi mboni. Koma m'malo mwake amusiyira kambale kotani?

Mtovu nawo uli ndi mlandu. Bakha akamasefa matope amameza timipira togwera m'madzi, ndipo tikagayika m'nthutumba mwake amadwala n'kufa ngakhale palibe anamuwombera. America inaletsa timipira ta mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, ndipo maiko a European Union anatiletsa m'madambo kuyambira Febuluwale 2023. M'malo mwake akuti tachitsulo. Koma tachitsulo n'tolimba, ndipo mfuti yakale yofinyidwa kukamwa, yomwe ija anatiuza kuti tigule poti ndi yotchipa, ikhoza kutupa paipi. Ndiye kuti mwina ikutchipa chifukwa eni ake akuithawa. Madambo athu alibe abakha omeza mtovu? Kapena mtovuwo ukawoloka nyanja umasiya kupha?

Ku Olimpiki Malawi anapitako ndi chida cholasira, koma sichinali mfuti. Areneo David anakapikisana ku Rio mu 2016 ndi ku Tokyo mu 2021 ndi uta ndi mivi, ndipo muvi ukauponya umakauzula n'kuuponyanso. Anyamata ogwetsa mpheta ili m'malere ndi mwala umodzi alipo mudzi uliwonse, kuchokera kwa Chikweo kukafika ku Ulongwe. Diso ali nalo, dzanja ali nalo, zoloza kutsogolo kwa mbalame palibe anawalipiritsa. Alipo anabwera kudzawayesa?

Kwa mnzanga amene mtima wakakamirabe pa chifefe cha mapaipi oyandikana, ine sindikuletsani, ndalama ndi zanu. Ulendo wanu uyambire kupolisi, osati kusitolo, ndipo muwerenge ndalama ya zipolopolo za chaka chonse musanafunse mtengo wa mfuti. Itengeni ya nambala 12, ya mamilimita 70, yokhala ndi chidindo cha oyesa mfuti, ndipo musakaiyesere kudambo. Tsiku loyamba kuwomba mudzayambe mwauza amfumu ndi anansi anu, chifukwa kuno mfuti ikalira kawiri motsatizana anthu amathawira m'chimanga.